Ulendo wa ku Neno: Kodi Mayi wa m'Foni Aidziwa Njira?

Amayi anzanga, mukachoka mu Blantyre kulowera kumpoto pa msewu wa M1, pakapita ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono mufika pa mlatho wa Shire pa Zalewa. Mukangowoloka madziwo mwalowa m'boma la Neno. Ambiri a ife timangodutsapo. Timagula tomato kapena thumba la makala pa zenera, nkupitirira ku Balaka ndi ku Lilongwe, kapena kukhotera kumanzere pa msewu wa M6 wopita ku Mwanza, osadziwa kuti boma lenilenilo lili kutali kumtunda, kuseri kwa mapiri amene timawaona abiriwiri kumadzulo. Koma tsiku limafika lakuti munthu akwereko ndithu. Mwina mwana wanu wapeza banja kumeneko ndipo kuli chinkhoswe, mwina ndi zovuta, mwina amayi a mpingo mwachita hayala minibasi kupita ku msonkhano. Tsiku limenelo bambo akagwira chiwongolero, foni yolozera njira imaikidwa m'manja mwa inu mayi, ndipo banja lonse limadalira chimene mutanene.

Neno ndi boma laling'ono ndiponso laposachedwa. Linapatulidwa kuchokera ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 138,000. Lili ngati nyumba ya zipinda ziwiri zosafanana. Kumunsi, cha ku Zalewa, Lisungwi ndi Matope, ndi kotentha, kwa malambe ndi mbuzi, kufupi ndi Shire amene amatipatsa magetsi pa Nkula ndi pa Tedzani. Kumtunda, cha ku boma, ku Nsambe ndi kwa Dambe, ndi kozizira, kwa nkhungu ya m'mawa, kumene kumachokera mbatatesi, tirigu ndi manachesi. Mapiri ake ndi a mtandadza wa Kirk Range, dzina limene linachokera kwa John Kirk, mnzake wa David Livingstone. Pakati pa zipinda ziwirizi pali zitunda, zigwa ndi mitsinje monga Lisungwi ndi Wamkulumadzi, ndipo misewu yambiri yolumikiza malowa ndi yafumbi. Pamenepo ndi pamene nkhani ya foni ikulira.

Choyamba timvetse mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, pakuti amene sadziwa mphika wake amapsereza ndiwo. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kumazungulira masetilaiti a GPS. Anawaponya ndi a dziko la America, loyamba m'chaka cha 1978, ndipo pofika 1995 analipo okwanira 24. Lirilonse limalengeza kosalekeza pamene lili ndi nthawi yake yeniyeni. Foni yanu imangomvetsera, ndipo ikamva anayi mwa iwo imawerengetsa pamene mwaima. Poyamba anthu wamba ankapatsidwa uthenga wosokonezedwa dala, koma zimenezo zinatha m'chaka cha 2000. Lero mafoni ambiri amamvanso masetilaiti a ku Russia, a ku Ulaya ndi a ku China. Kumvetsera kumeneku sikufuna mayunitsi kapena netiweki. Ngakhale pansi pa chigwa pamene foni yakana kuyimba, kadontho kosonyeza inu kamaonekabe.

Koma kadontho pakokha sikathandiza. Setilaiti imadziwa pamene muli, siidziwa njira. Njira ili pa mapu, ndipo mapuwo analemba ndi anthu, ena mwa iwo akuyang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba ali ku maiko akutali, osapondapo ku Neno. Pa chithunzi chotere msewu wa galimoto ndi njira ya ngolo zimaoneka ngati ana a mimba imodzi. Chithunzi sichinena kuti chitunda ichi ndi choterera mvula ikagwa, kapena kuti mlatho uwu ndi wa matabwa. Mayi uja wolankhula m'foni, wa mawu okoma ndi osatekeseka, amangowerenga zimene anamulembera. Adzakuuzani kuti mukhotere kumanja ndi mtima womwewo, kaya kutsogoloko kuli phula, kaya kuli phompho.

Ndiye posankha cholozera njira, musayambe ndi kukongola kwake. Funsani ngati mapu ake akhoza kukhala m'foni popanda intaneti. Google Maps, imene ambiri tili nayo kale, imalola kuti musunge chigawo cha mapu mukadali pamalo pa netiweki yabwino, ndipo ndi nzeru kuchita zimenezi dzulo lake la ulendo muli kunyumba, kutenga dera lonse kuyambira Blantyre mpaka Ntcheu ndi Mwanza. Palinso ena monga Maps.me, Organic Maps ndi OsmAnd, amene amatenga mapu awo ku OpenStreetMap, ntchito imene inayamba m'chaka cha 2004 ndipo amalemba ndi anthu ongodzipereka. Amenewa mumasunga dziko lonse la Malawi kamodzi kokha, ndipo kawirikawiri amaonetsa tinjira ta kumidzi tambiri. Ubwino wakewo ndi umenenso umasokeretsa, chifukwa kanjira kooneka bwino pa galasi kakhoza kukhala ka njinga. Ine ndimakonda kukhala ndi awiri m'foni imodzi. Akagwirizana, mtima umakhala m'malo. Akatsutsana, ndiye kuti pafunika kufunsa munthu.

Mwina munaonapo pa Zalewa kapena pa chipata cha Mwanza alendo a ku South Africa ndi ku Ulaya ali m'magalimoto akuluakulu okhala ndi bedi, mbaula ndi thanki ya madzi m'kati, nyumba yoyenda ndi matayala. Iwowa ambiri sadalira foni yokha. Amakhala ndi kachipangizo kapadera ka Garmin, ndipo ena amaikamo mapu a Tracks4Africa, amene amapangidwa kuchokera m'njira zimene apaulendo anzawo anayendamo ndithu ndi magalimoto awo. Zipangizo zina zopangira magalimoto oterewa zimafunsa kutalika, kutambalala ndi kulemera kwa galimoto, kuti zisailowetse pansi pa mlatho waufupi kapena pa msewu wopapatiza. Ku Ulaya zimenezi zimathandiza, pakuti milatho yambiri inayesedwa nkulembedwa. Kuno chipangizocho chikhoza kukhala chete pa mlatho wofooka chabe chifukwa palibe amene anachiuza. Ifeyo tilibe magalimoto a nyumba, koma phunziro lake ndi lathu lomwe. Minibasi yodzaza amayi khumi ndi asanu, mapoto, nkhuni ndi matumba a ufa siingakwere pamene njinga yamoto yakwera, ndipo foni siidziwa kuti mwanyamula chiyani.

Chenjerani makamaka ndi njira imene foni ikuti ndi yachidule. Wochokera ku Lilongwe akhoza kulozeredwa kuti asiye M1 asanafike pa Ntcheu, adzere ku Tsangano, atsikire kwa Dambe mpaka ku Neno. Pa mapu ndi pafupi ndithu, ndipo m'chilimwe ndi ulendo wokongola, wa mphepo yozizira ndi minda ya mbatatesi yokwera mapiri. Ntchito yoika phula pa msewu wa Tsangano, Neno ndi Mwanza inapatsidwa kwa asilikali a Malawi Defence Force, ndipo musananyamuke funsani kwa amene wadzerako posachedwa kuti yafika pati. Nthawi imene foni imalonjeza pa misewu yafumbi musaikhulupirire. Ikati ola limodzi, konzekerani awiri, ndipo m'dzinja muzungulire pa phula ngakhale petulo apite wambiri. Njira imeneyi imayandikiranso malire a Mozambique, kumene kulibe mpanda. Foni ikhoza kugwira netiweki ya tsidya linalo nkuyamba kudya mayunitsi anu mwakachetechete, kotero muziyang'ana dzina limene lalembedwa pamwamba pa galasi.

Vuto lina ndi la maina. Kwathu kuno mudzi umatchedwa ndi dzina la mfumu, ndipo dzina limodzi likhoza kupezeka m'maboma atatu. Kalembedwe nakonso sikamodzi. Wina alemba Lisungwi, wina Lisungwe. Wina Wamkulumadzi, wina Mkulumadzi. Mfumu yaikulu Symon ena amailemba Saimoni. Mukalemba dzina m'foni, musathamangire kudina poyambira ulendo. Yambani mwachepetsa mapu kuti muone ngati malowo alidi m'boma la Neno, kumadzulo kwa Shire. Chabwino koposa ndi kulozera chinthu chokhazikika chimene chili pafupi ndi kumene mukupita, monga sukulu, tchalitchi kapena chipatala. Mishoni ya Matandani ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene inayamba m'chaka cha 1908, aliyense amaidziwa. Chimodzimodzi parishi ya Akatolika ya Neno, ndi Luwani kumene kunakhala othawa nkhondo a ku Mozambique. Ngati kumudziko kuli mdzukulu wodziwa foni, mpempheni aime pabwalo pa apongozi anu, akutumizireni malo ake pa WhatsApp. Kadontho kameneko ndi kolondola kuposa dzina lirilonse.

Musanachoke, sunganinso m'foni pamene pali chipatala chachikulu cha boma ku Neno ndi chipatala cha Lisungwi kumunsi. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali kuyambira 2007. Mayi woyenda ndi ana aang'ono, kapena ndi mpongozi wodwala matenda akutiakuti, ayenera kudziwa kuti kuchokera pamene ali, chipatala chapafupi chili kumtunda kapena kumunsi. Usiku, mwana atatentha thupi, si nthawi yoyamba kuphunzira mapu.

Tsono tinene za kufunsa, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Azibambo ambiri, tikudziwa tonse, amaona ngati kufunsa njira ndi kuvula chipewa pagulu, ndipo chibwerere mafoni ayamba kunena kuti nanga tifunsirenji makina alipo. Apa mayi mulankhule mofatsa koma molimba. Galimoto iime, mutsike, musafunsire pa zenera injini ikulira. Perekani moni mokwanira, "Zikomo bambo, mwaswera bwanji? Ndife alendo, timati tifunseko njira." Funsaninso oyenera. Anyamata a kabaza amadziwa dzenje lirilonse la sabata imeneyo, kungoti iwo amayesa njira ndi njinga yawo. Oyendetsa malole a mbatatesi ndi oyendetsa ambulansi ndiwo amadziwa za matayala anayi. Ndipo musafunse kuti ndi kutali kodi, chifukwa munthu wa kumudzi, pofuna kukulimbitsani mtima, adzati ndi pompano, pamene pompano wakeyo ndi mapiri awiri. Funsani kuti, "Kodi lero padutsa galimoto? Inali yotani? Yabwerera kapena yapitirira?" Yang'ananinso pansi. Pamphambano, njira imene ili ndi mapazi a matayala atsopano imanena zambiri.

Foni ikati pitirirani, koma munthu wa pamalopo akuti mtsinje wadzaza, mverani munthu. Mvula ya namondwe Idai m'chaka cha 2019, ya Ana mu 2022 ndi ya Freddy mu 2023 inaononga misewu ndi milatho yambiri m'chigawo cha kumwera, ndipo mapu sasintha tsiku limene mlatho wakokoloka. Mitsinje ya ku Neno imachokera m'mapiri. Kukhoza kukhala dzuwa pamene mwaima, koma mvula itagwa kumtunda, madzi amatsika mwadzidzidzi, ofiira, atanyamula zitsa. Amaphweranso msanga. Pamene msewu umadzera m'madzi popanda mlatho, kudikira maola awiri pa gombe ndi ana akudya chimanga chootcha sikunaphepo munthu. Madzi othamanga ofika m'mawondo akhoza kukankha galimoto yaing'ono.

Za batire musaiwale. Kulozera njira kumatha moto msanga, ndipo foni ikamafunafuna netiweki m'zigwa imatha msanga koposa. Tengani chingwe chotchajira m'galimoto, ndipo ana asaonerepo makanema pa foni imene ikutsogolera ulendo. Ngati m'banja muli mafoni awiri, ndi bwino ina ikhale ya TNM ina ya Airtel, chifukwa pamene ina yakana, inzake nthawi zina imagwira. Musaiike padzuwa kutsogolo kwa galasi, makamaka kumunsi kotentha kuja, pakuti ikatentha imadzizimitsa yokha. Lembaninso pa pepala maina a malo amene mudutse motsatana, ndi nambala ya amene akukudikirani, muike m'chikwama. Petulo thirani wokwanira mukadali pa msewu wa phula, ndipo bambo aonetsetse tayala lapadera, jeke ndi khasu. Inu mukonze madzi akumwa, kamba wa ana ndi zofunda, chifukwa amene wanyamuka thukuta lili kamukamu pa Zalewa akhoza kufika kwa Dambe mano akugwedezeka.

Nyamukani m'mawa kuti zitunda mukwere dzuwa likuwala. Ndipo mukafika pamwamba, pemphani bambo aime pang'ono, foni muiike m'thumba, mutsike muyang'ane kumene mwachokera. Chigwa cha Shire chimaoneka chitayalidwa pansi ngati mphasa, utsi wa m'midzi ukukwera apa ndi apo. Mukapita m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mudzapeza manachesi ali mbwee m'mphepete mwa msewu, otsekemera ndi otsika mtengo kuposa a mumzinda. Siyani malo m'galimoto a dengu limodzi la kunyumba ndi lina la anansi, ndipo mbatatesi muziike pansi, manachesi pamwamba, kuti asaphwanyike potsika zitunda.