Masika andipeza pa sitima

Tikadutsa mzere wa madigiri 40 kum'mwera kwa Cape Town, tulo timasanduka ntchito. Sitima imapendekera uku ndi uku usiku wonse, ndipo munthu umagona utatsamiritsa bondo kukhoma kuti ungagwe pabedi. Ndili pa S.A. Agulhas II, sitima yofiira ya boma la South Africa, yotalika mamita 134, yomwe anaipanga ku Finland mu 2012. Ulendo wathu ndi wa ku chilumba cha Marion, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, kukatula chakudya ndi mafuta komanso kukasiya anthu amene akagwire ntchito kumeneko chaka chathunthu.

Ife a kafukufuku wa madzi timagwira mosinthana, ena masana, ena usiku. Sitima ikaima timatsitsa chitsulo chozungulira chonyamula mabotolo 24, chomangidwa ku waya. Chikamamira chimayeza kuya, mchere ndi kuzizira kwa madzi, ndipo pobwera mnzathu wa pakompyuta amatseka mabotolo limodzilimodzi, lina pansi penipeni, lina pakati, lina chakumtunda. Malo ena waya amapitirira mamita 3,000, pamene nyanja yathu ya Malawi, pozama kwambiri, ndi mamita ngati 700. Madziwo amatuluka ozizira moti zala zimachita dzanzi usanadzaze botolo lachitatu. Sindidandaula. Namondwe Freddy, amene anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023, anatenga mphamvu zake pa madzi ofunda a Indian Ocean, ndiye kuyeza nyanja ndimakuona kuti ndi nkhani ya kwathu ndithu.

Chikundiwawa n'chakuti uno ndi Epulo. Kwathu ku Nkhotakota chimanga chauma, mtedza akukumba, mpunga wayamba kucha m'madambo, ana akhuta maungu ndi nzimbe. Kuno kulibe fungo la dothi, kulibe utsi wa nkhuni, kulibe tambala. Kum'mawa madzi, kumadzulo madzi, imvi zokhazokha. Kwathu ukalowa pakati ndi bwato umaonabe mapiri a tsidya, umadziwa kuti anthu ali uko. Pano zotiperekeza ndi mbalame zazikulu za albatross, zouluka nthawi yaitali osakupiza mapiko.

Chakudya n'chambiri, ndipo ophika ndi anthu achifundo. Nthawi zina amaphika nsima yawo, koma umadya ndi foloko, dzanja lina litagwira mbale kuti isatsetsereke. Mtima umafuna usipa wofutsa, nkhwani wotendera, ndi munthu wokufunsa kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho lonse, mpaka za mutu ndi msana. Intaneti ndi yopereweza. Mawu a amayi pa WhatsApp amafika mochedwa, ndipo ndimawamvera mobwerezabwereza, makamaka pomwe nkhuku zikulira kumbuyo kwawo. Amafunsa ngati tikugwira nsomba. Ndimawayankha kuti ayi amayi, ife tikutunga madzi basi, iwo n'kuseka.

Koma foni ikangolira, mtima umayamba wagunda. Ndimaopa uthenga wa maliro. Ku Marion kulibe bwalo la ndege, ndipo sitima singabwerere chifukwa cha chisoni cha munthu mmodzi. Agogo akudwaladwala chaka chino. Zitachitika ndili kuno, adzaikidwa ine kulibe, ndipo ndidzafika anthu atameta kale.