Ntchito yanga ndi kuganizira chala cha munthu wina

Ine ndi mmodzi mwa akale anu, ndinakhalapo pa madesiki omwewo. Akonzi a bolodi lino andipempha kuti ndifotokoze ntchito imene ndimagwira, poti ambiri mukandiona pa tchuthi mumangoti “uja wa makompyuta uja.” Ena mpaka amandibweretsera foni yosweka galasi. Pepani, mafoni sindikonza. Pa Chingerezi ntchito yanga amaitcha front-end developer, ena amati user interface engineer. M'Chichewa tingoti ndine womanga mbali ya website kapena app imene munthu amaiona ndi maso n'kuigwira ndi chala.

Tsamba la pa intaneti lili ngati golosale. Kuseri kuli kosungira katundu ndi mabuku a ndalama. Kumeneko kumakhala anzathu a back-end, osamala maseva ndi zonse zosungidwamo. Kutsogolo kuli kauntala, mashelefu ndi mitengo yolembedwa kuti wogula aone. Ine ndili kutsogoloko. Batani limene mumadina, kabokosi kolembamo dzina, kauthenga kofiira kokuuzani kuti password mwaphonya, zonsezo sizinamere zokha ngati bowa. Pali munthu anakhala pansi n'kusankha kuti zikhale pati, zikule bwanji, zinene chiyani.

Zida zathu zazikulu n'zitatu, ndipo bolodi mukuwerengali likhoza kukuphunzitsani ziwiri. Yoyamba ndi HTML. Imeneyi imanena kuti uwu ndi mutu wa nkhani, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. Anaiyambitsa Tim Berners-Lee, katswiri wa ku Britain, amene mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi Geneva, analemba ganizo limene linabala World Wide Web. Yachiwiri ndi CSS, imene Håkon Wium Lie anabwera nayo mu 1994. Iyi ndi ya maonekedwe: mtundu, kukula kwa zilembo, mpata pakati pa nkhani ndi inzake. Akonzi athu akamakangana kuti mutu ulembedwe ndi maka yofiira kapena yabuluu, kapena kuti nkhani isakhomedwe m'mwamba kwambiri poti ana a Fomu 1 safikira kuwerenga, akuchita kale ntchito ya CSS, kungoti ndi manja. Yachitatu ndi JavaScript, imene Brendan Eich analemba ku kampani ya Netscape mu 1995, ndipo yoyambirirayo inamutengera masiku pafupifupi 10 okha. Iyi ndi imene imachititsa kuti tsamba likuyankheni mukaligwira. Bolodi lathu pamenepa lagonja, ngakhale mulidine chotani silinena kanthu.

Zitatuzi munthu wakhama amaziphunzira. Chovuta chenicheni, chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongolemba code, ndi kukumbukira amene adzagwiritse ntchito tsambalo. Ife timalimanga tili pa laputopu ya sikirini yaikulu, mu ofesi ya Wi-Fi. Iye adzalitsegula pa kafoni kotchipa, ali padzuwa pa depoti, netiweki ikubwera n'kumathawa, bandulo yatsala pang'ono.

Tiyeni tiwerenge masamu, musadandaule ndi ophweka. Chithunzi chojambula ndi foni ya masiku ano chimatha kulemera 3 MB. Ndikaika zithunzi 10 zotere pa tsamba limodzi, ndiye kuti aliyense wolitsegula ndamudyera 30 MB asanawerenge ngakhale liwu limodzi. Koma zithunzi zomwezo ndikazichepetsa kuti chilichonse chikhale 100 KB, zonse pamodzi zingokwana 1 MB, ndipo pa foni diso silingaone kusiyana kwenikweni. Kwa wa mu ofesi uja 29 MB si kanthu. Kwa mayi amene wagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, ndi nkhani yaikulu. Akandifunsa kuti lero wagwira chiyani, nthawi zina yankho limakhala lomwelo, ndapulumutsa bandulo ya anthu amene sindidzakumana nawo.

Palinso nkhani ya mayina. Azakhali anga ena anavutika madzulo onse kulembetsa mwana wawo pa fomu ina ya pa intaneti. Akalemba dzina, fomu ija n'kumati dzinali ndi lolakwika. Vuto linali kachizindikiro kam'mwamba kaja kamene kali m'mayina ngati Ng'oma, Ng'ambi ndi M'bwana. Amene anamanga fomuyo analamula kuti dzina likhale la zilembo zokhazokha. Chimene chinandiwawa si nthawi imene inatayika, koma mawu amene azakhaliwo ananena: “Basi mwanawe, ife zinthu izi zinatipitirira, ndife mbuli.” Taonani, munthu kudzitcha mbuli chifukwa cholemba dzina lake molondola! Ichi n'chifukwa chake fomu iliyonse imene ndimamanga ndimaiyesa ndi mayina athu. Ndimaonanso ngati chilembo cha ŵ chikutuluka bwino, ngati nambala ya foni ikulandiridwa kaya munthu wayamba ndi 0 kapena +265, komanso ngati malo a keyala akulola munthu kulemba mudzi ndi mfumu yake m'malo momukakamiza dzina la msewu ndi nambala ya nyumba.

Zina n'zing'onozing'ono koma zili ndi malamulo ake. A Google amalangiza kuti malo odina pa foni asachepere pafupifupi mamilimita 9, kuti chala cha munthu wolima chisadine mabatani awiri nthawi imodzi. Bungwe la W3C, loyang'anira miyezo ya masamba a pa intaneti, lili ndi malangizo otchedwa WCAG, amene amati zilembo wamba zisiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Zilembo zotuwa pa tsamba loyera zimaoneka zaulemu mu ofesi, koma padzuwa la Okutobala zimasoweratu. Chithunzi chilichonse timachilemberanso mawu ochifotokoza, chifukwa anzathu osaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera mokweza, monga TalkBack pa mafoni a Android. Ndipo batani limene lakwanira bwino mawu oti Send limatha kusefukira mukaikamo Tumizani. Mawu athu ndi aatali, ayenera kupatsidwa malo.

Nanga tsiku limayenda bwanji? M'mawa timakumana mphindi zochepa, aliyense kunena zimene wachita dzulo, zimene achite lero ndi pamene pamukanika. Kenako ndimatsegula zojambula zimene mnzathu wokonza maonekedwe watipatsa pa Figma, n'kuyamba kuzisandutsa code. Ndikamaliza, code yanga siipita kwa anthu mnzanga asanaiwerenge n'kuikhwatcha ngati kope la chimangirizo. Nanenso ndimakhwatcha yake. Palibe kukwiya, mutu umodzi susenza denga. Nthawi yambiri, kunena zoona, imathera kuwerenga zimene ena analemba ndi kusaka chifukwa chimene tsamba likuoneka bwino pa foni iyi koma pa inayo lapindika. Mu dirowa yanga mumakhala kafoni kakale kochedwa, ndipo ndi kamene kamapereka chigamulo chomaliza.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Msana ndi maso zimatopa. Magetsi amathima ntchito ikufunika mawa m'mawa. Kasitomala amene dzulo amafuna buluu lero akuti ayi, ndimati wobiriwira. Zida nazo sizikhazikika. React, imene a Facebook anaitulutsa mu 2013, lero ili m'zotsatsa ntchito zambiri, ndipo pambuyo pake pabwera zina. Kuwerenga sikutha mukalandira satifiketi. Ndiponso ntchito ukaigwira bwino palibe amakuyamika, munthu amangolipira fizi pa foni n'kumapita osadziwa kuti unalipo. Amakukumbukira tsiku limene batani lakana.

Tsono kwa inu amene mtima wagunda. Ndikudziwa mawu amene timauzana pa sekondale yoyendera, akuti izi n'za ana a m'tauni. Zoona, makompyuta ndi ochepa, ena mumayenda mtunda wautali, kufika kunyumba kwada. Koma HTML siifuna intaneti kuti muyambe. Pa kompyuta iliyonse ya Windows pali Notepad. Mukalembamo mizere ingapo, n'kusunga ndi dzina lothera ndi .html, browser imatsegula tsamba lanu pompo. Code mukhoza kuilemba kaye m'kope, n'kukaitaipa mpata ukapezeka. Mukapeza kabandulo, MDN ndi freeCodeCamp amaphunzitsa ulere. Chingerezi chokha musachinyoze, malangizo ambiri ali m'chinenero chimenecho. Masamu akuthandizani kuganiza mwadongosolo. Atsikana, izi ndikunenanso inu, code siifunsa kuti wailemba ndani.

Ndipo muli ndi chinthu chimene chimasowa m'maofesi ambiri. Mumadziwa mtengo wa bandulo. Mumadziwa kuti foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, kuti kutchaja n'kolipira, kuti agogo amaopa kudina poopa kuti ndalama zipita kwa munthu wolakwika. Ndiye nayi homuweki yanga, yopanda malikisi. Sabata ino, mayi kapena agogo akamatumiza ndalama pa foni, musawalande kuti muwachitire. Khalani pambali, muone pamene chala chawo chaima, muwafunse chawaimitsa n'chiyani. Mulembe m'kope, ndipo pansi pake mujambule mmene inu mukanakonzera malo amenewo.