Galimoto ya ku China: Ndigule Kapena Ayi?

Anzanga akamva za galimoto yopangidwa ku China amaseka, amati siichedwa kutha. Ine sindigwirizana nawo. Kampani ya Geely inagula Volvo mu 2010, ndipo mu 2023 dziko la China linaposa Japan pogulitsa magalimoto kunja. Komabe nditakhala ndi ndalama lero, ndingayambe ndafunsa makaniko wa ku Ndirande. Toyota ikawonongeka, masipeyala amapezeka tsiku lomwelo, pomwe galimoto yosazolowereka ikhoza kukhala pagalaji mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kamodzi. Kwa munthu wodyetsa banja ndi galimotoyo, mwezi umenewo ndi njala. N'chifukwa chake ndingagule ya ku China pokhapokha nditadziwa wodzaikonza ikafa panjira.