Khungu la pa guwa ndi khungu la pa benchi

Pali ulaliki umene umamveka kawirikawiri m'matchalitchi a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, kaya ku Chipoka, ku Senga Bay kapena ku Lifuwu. Mlaliki amatsegula Yohane 9, nkhani ya munthu wobadwa wosaona, ndipo posakhalitsa wafika pa khungu la mumtima: wochimwa ndi wakhungu, wosakhulupirira ndi wakhungu. Mpingo nkuvomera ndi mphamvu. Koma pa benchi lina pamakhala gogo amene mdzukulu wawatsogolera ndi ndodo kuchokera kunyumba, ndipo palibe amafunsa kuti mawuwa akuwagwera bwanji.

Nkhaniyo tikaiwerenga modekha, otsutsidwa ndife. Ophunzira ndiwo anafuna kupeza wolakwa, munthuyo kapena makolo ake, Yesu nkukana zonse ziwiri. Funso lawolo tikadali nalo. Mwana akabadwa wosaona timanong'onezana kuti makolo analumpha mwambo, kapena kuti wachibale wina anamukhwimira kuti chilimira chake chizikola usipa wambiri. Mlandu wotere kawirikawiri umagwera mayi wa mwanayo, mpaka ukwati kutha.

Chonsecho zambiri zotseka maso n'zodziwika. Ng'ala imaphimba diso la munthu wachikulire pang'onopang'ono, ndipo opaleshoni yaifupi imalitsegulanso. Chipatala cha Nkhoma, cha mpingo wa CCAP, chakhala chikugwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Trakoma imafala ndi ntchentche, manja osasamba ndi nsalu yobwerekana popukuta kumaso. Ikamugwira munthu mobwerezabwereza, chikope chimapindikira mkati, nsidze nkumakanda diso nthawi iliyonse akaphethira. Ena ankazizula imodziimodzi, koma zinkamerabe. Salima linali limodzi mwa maboma ovutika ndi nthendayi. Mu September 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trakoma, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kutero. Zinatheka ndi mankhwala ogawidwa m'midzi, sopo, zimbudzi ndi maopaleshoni. Ine ndimakhulupirira kuti dzanja la Mulungu linalipo pamenepo, likuyenda ndi alangizi a zaumoyo pa njinga zawo zakapalasa.

Nanga amene maso awo sadzatsegukanso? Apa m'pamene timakhumudwa kwambiri. Ku Yeriko khamu linkamutontholetsa Bartimeyo wosaona uja, koma Yesu anaima namufunsa chimene ankafuna, ngakhale aliyense ankaona vuto lake. Ife kufunsa kumatilaka. Munthu wosaona timamuponyera kandalama m'manja, kapena kumukokera kutsogolo kuti apemphereredwe, ndipo akapanda kuona timati chikhulupiriro chake n'choperewera. Mwina iye ankangofuna Baibulo la zilembo za Braille kuti naye awerengeko mawu tsiku lamulungu, kapena malo m'kwaya, kapena kuti dzina lake litchulidwe posankha atumiki. Sukulu za Chilanga ku Kasungu ndi Malingunde ku Lilongwe zaphunzitsa ana osaona ambiri kuwerenga ndi zala. Akabwerera kumudzi, ndi mpingo uti umawapatsa buku? Malemu Allan Namoko sankaona, koma banjo yawo ndi gulu la Chimvu Jazz zinavinitsa dziko lonse. Munthu wotere akanakhala m'mpingo mwathu, ndikukayika ngati tikanamupatsa kwaya kuti aitsogolere.

Sindikunena kuti tileke kulalikira za khungu la mumtima. Liripo, ndipo Yesu analiona mwa Afarisi, anthu a maso awiri owala amene anathamangitsa wochiritsidwayo m'malo mokondwera naye.

Akuluampingo, mukakumana pa bwalo lotsatira, werengani anthu osaona a mumpingo mwanu. Onani kuti ndi angati ali ndi udindo, ndiponso ndi angati akhala ndi ng'ala zaka zonsezi chifukwa chosowa ndalama ya minibasi ndi wowaperekeza kuchipatala. Ndalamayo ichoke m'thumba la mpingo.