Laputopu nayo imafuna kukapa madzi

Anzanga a kunyanja, ambiri mwayamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo dandaulo lanu ndi limodzi: vidiyo ikukana kutuluka, makina akuti disk full. Ena mwafika pofuna kugulitsa laputopu. Dikirani kaye aise. Ine ntchito yanga ndi ya mainjini a maboti, ndipo mwa mainjini amene amabwera kwa ine ati afa, ambiri amangokhala kuti sefa ya mafuta yatsekeka.

Mwezi watha ndinali kwa Chiwamba ku Lilongwe, kuchinkhoswe cha mwana wa amalume. Wojambula anali msuweni wanga, ndalama atalandira kale theka. Tsiku lachitatu akundiitana, maso ali gwa: "Achimwene, ikumafika pakati n'kuima." M'vidiyomo munali agogo akulangiza mkwatibwi, mawu oti sangawabwerezenso, poti thupi lawo masiku ano silili bwino.

Choyamba tinayang'ana C. Pulogalamu imene amagwiritsa ntchito, Premiere Pro, ikamagwira ntchito imasunga timafayilo tothandizira totchedwa cache, ndipo ukapanda kuiuza kwina imatiunjika pa C pomwepo. Zili ngati madzi olowa m'boti pang'onopang'ono: suwaona akulowa, umangomva boti kulemera. Kukapa kwake ulowe Edit, Preferences, Media Cache, ufufute. Vidiyo yako siikhudzidwa, timafayiloto imapanganso ikatifuna. Pomwepo mpamene umasinthira malo ake kuti tizipita pa hard drive ina. Scratch Disks nayo, ili pansi pa Project Settings, uiloze komweko. A CapCut nanunso muli ndi pofufutira cache m'masetingi.

Malo anapezeka, koma inaimanso. Apa mpamene panali nkhani yeniyeni. Msuweni ankatulutsira vidiyo pa fulashi ya 32GB yopanda kanthu, ndiye ankati malo achepa bwanji? Fulashiyo inali ya FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB ngakhale malo atakhala bwalo la mpira. Chinkhoswe cha maola awiri chingakwane pamenepo? Tinaisintha kukhala exFAT. Chenjezo: format imafufuta zonse, samutsani kaye zimene zilimo. Komanso ma TV ena akale amawerenga FAT32 yokha, ndiye ngati eni ake akaonera pa TV yotero, kuli bwino kuidula vidiyoyo zigawo ziwiri kapena zitatu.

China chimene chimaopsa anthu n'chakuti watsegula pulojekiti mawa lake, zonse zafiira, akuti Media Offline. Palibe chatayika. Dzulo Windows inatcha hard drive yako E, lero poti unayamba kulowetsa fulashi yaitcha F, ndiye pulogalamu ikufunafuna kunyumba yakale. Mu Disk Management ipatse chilembo chakutali ngati V, izidziwika ndi chomwecho.

Za mamemori khadi otchipa modabwitsa ndisanene zambiri. Lina limalembedwa 64GB pomwe mkati ndi laling'ono, likadzaza limaononga mafayilo mwakachetechete. Liyeseni ndi H2testw musanapite nalo kuukwati wa munthu.

Ndipo 4K ija mukuikonda, n'chifukwa chiyani? Mafoni ambiri pa 1080p amadya cha m'ma 130MB pa mphindi, 4K kuwirikiza katatu kapena kuposa, pomwe oonera ake aonera pa foni yong'aluka galasi. Ine ndimati 1080p basi.

Yathu ija inatuluka usiku, batire ya sola itatsala pang'ono kutha. Amalume a ku Johannesburg tinawatumizira chigawo cha agogo chokha pa WhatsApp ngati document, poti njira imeneyo imalola mpaka 2GB ndipo siifinya chithunzi. Bandulo anagula okha.