Nyimbo ikatchuka imakhala ya yani?

Lero ndapatuka pang'ono pankhani zathu zija za apongozi ndi ndalama ya ndiwo, ndikufuna tikambirane za nyimbo. Musafulumire kutembenuza tsamba poganiza kuti izi n'za anyamata a magitala okha. Nkhaniyi ikukhudza inu achemwali amene mwangolowa m'banja ndi woimba, komanso inu makolo amene mwana wanu wayamba kuswera ku situdiyo.

Lucius Banda atamwalira pa 30 June 2024, ine ndi alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba, tidakhala pakhonde kwathu ku Liwonde wailesi ili pambali, ikungoimba nyimbo zake zokhazokha. Mwadzidzidzi iwo adati: "Alamu, tiyeni tiwerenge nyimbo za Soja zomwe zidafika pa nambala wani." Tidang'amba mapepala awiri m'kope la mwana, aliyense n'kuyamba kulemba zake. Pomaliza mindandanda yathu idasiyana kutalitali, ndipo mkangano udabuka.

Alamu adayambira kale, masiku omwe Lucius adali mnyamata mu Alleluya Band. Ine ndidakana. Ndidati zimenezo n'za Alleluya, gulu lomwe lidayamba m'chaka cha 1978 pa mpingo wa Katolika ku Balaka mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici, ndipo ankalitsogolera adali mkulu wake, Paul Banda. Ine ndidayambira pa chimbale cha Son of a Poor Man cha mu 1994 n'kumatsika nazo mpaka za nthawi ya Zembani Band, yomwe adaiyambitsa mu 1997.

Mayi a kunyumba, omwe ankangomvetsera uku akusankha mpunga, adatiponyera funso lomwe lidatisowetsa chonena. "Nanga chimbale cha Paul Chaphuka chija cha Ndichiritseni, chomwe mwini wake adamwalira mu 1997 asanachimalize, Soja n'kuthandiza kuchimaliza, muchilemba kwa yani?" Tisanayankhe adaonjezera lina: "Komanso nambala wani mukunenayo adanena ndani?"

Apa mpomwe padagona nkhani. Masiku a makaseti aja kuno kwathu tidalibe mndandanda umodzi woti dziko lonse liuvomereze. Wailesi iliyonse inkakhala ndi wakewake. Amalonda ankaona makaseti omwe akutha msanga kwa O.G. Issa ku Limbe. A bungwe loona za umwini wa ntchito za luso la Cosoma adali ndi tizidindo tawo tomata pa makaseti. Ife anthu wamba tinkangomvera zomwe zikulira m'minibasi za pakati pa Liwonde ndi Balaka ndi zomwe zikudzutsa fumbi paukwati. Aliyense adali ndi nambala wani wake.

Musaganize kuti anzathu akunja, omwe amalemba zonse, mkanganowu alibe. Ku America kuli mndandanda wa Billboard Hot 100 womwe udayamba mu 1958. Pamenepo Michael Jackson amamuwerengera nyimbo 13 zomwe zidafika pamwamba. Koma mu 1970 adaimbanso zina 4 zomwe zidafika pomwepo ali ndi abale ake, ndipo zimenezo zidalembedwa m'dzina la gulu la Jackson 5. Nayo We Are the World ya mu 1985 adaipeka ndi Lionel Richie ndipo mawu ake akumveka bwino lomwe, koma imawerengedwa m'dzina la USA for Africa. Mfundo yawo n'njoti nyimbo imawerengedwa kwa amene dzina lake lalembedwa pa chimbale.

Komabe kuwerengera woimba n'kwina, kulipira wopeka n'kwinanso. Nyimbo ya I Will Always Love You tonse timaidziwa ndi mawu a Whitney Houston, ndipo itatuluka mu 1992 idakhala pamwamba masabata 14. Nambala waniyo ndi ya Whitney. Koma adaipeka ndi Dolly Parton mu 1973, ndipo chifukwa dzina lake lidalembedwa ngati wopeka, gawo la ndalama za nyimboyo lidapita kwa iye. M'manja adaomberedwa ndi Whitney, koma naye Dolly adadyapo thukuta lake popanda kukangana.

Kumene pepala lidasokonekera zinthu zidaipa. Solomon Linda wa ku South Africa adajambula nyimbo ya Mbube ku Johannesburg mu 1939. Azungu adaisintha n'kukhala The Lion Sleeps Tonight, yomwe gulu la The Tokens lidafika nayo pa nambala wani ku America mu 1961. Linda adamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake adadikira mpaka 2006 kuti ayambe kulandira gawo looneka.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya makasetiyi yandigwira mtima chonchi bwanji. Ndikuuzani, ngakhale imandichititsa manyazi.

Ndidali ndi mng'ono wanga yemwe adali ndi mphatso yopeka nyimbo, kungoti mawu ake adali osasa. Mnzake wa ponda apa m'pondepo ndiye adali ndi kholingo labwino. M'chaka cha 2003 adagwirizana zokajambula nyimbo ku situdiyo ina ku Balaka, wina apeke, wina aimbe. Ndalama zake adatulutsa ndi mkazi wa mng'ono wangayo, yemwe ankaoda mpunga cha ku nyanja ya Chilwa n'kumagulitsa pamsika wa Liwonde. Adachotsa mpamba wake wonse.

Usiku woti mawa lake akupita, mayiyo adabwera kwathu n'kugwada pakhomo. "Alamu, ine mtima wanga sukukhazikika. Bwanji awiriwa alemberane kakalata, inu mukhale mboni?" Ine ndidaseka. Ndidati: "Mlamu, anthu awa adalowa kundagala chaka chimodzi, amadyera mbale imodzi. Kalata n'njachiyani? Mukufuna mnzakeyo aziti tikumuyesa wakuba?" Adangoti "chabwino alamu," n'kubwerera kwawo.

Kaseti itatuluka, pachikuto padali nkhope ndi dzina la mnzake uja basi. Nyimbo imodzi idagwira moto. Inkavinidwa m'maukwati kuyambira ku Ntaja mpaka ku Ulongwe. Poyamba mng'ono wanga ankasangalala, n'kumauza anthu kuti nyimboyo adapeka ndi iye. Anthu ankangomuseka, ena n'kumati mowa wamupweteka. Mnzake uja ankamugaira kangachepe akakumbuka, kenaka adayamba kumuzemba.

Patapita zaka zingapo mng'ono wanga adadwala n'kutisiya, kusiya mkazi ndi ana awiri. Titatha maliro ndidaperekeza mlamu wanga kwa munthu wina wodziwa malamulo. Mafunso ake adali atatu okha. Kodi malemuwa adalembetsa nyimbozi? Pali pepala lililonse lomwe adasainirana? Nanga kope lomwe ankalembamo nyimbo lilipo? Kopelo lidadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo pepala ndi lomwe ndidalikaniza ine lija. Mlamu wanga sadandinenepo kanthu mpaka lero, koma nyimbo ija ikalira paukwati amanyamuka n'kupita kukathandiza kukhitchini. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Manyazi adali anga, koma ovutika ndi ana amasiye.

Tsono abale anga, mverani kuno. Lamulo la dziko lino loteteza umwini wa ntchito za luso, litakonzedwanso mu 2016, lidati nyimbo ndi ya woipeka moyo wake wonse, ndiponso zaka 50 iye atamwalira. Ndiye kuti nyimbo ndi chuma ngati munda kapena nyumba ya lendi, ana akhoza kudzadyerapo. Koma pamlandu, munda wopanda malire umapita kwa wolongolola.

Nyimbo isanajambulidwe, khalani pansi mulembe. Mawu wapeka ndani? Nanga kaimbidwe kake? Aimbe ndani, ndipo dzina lotsogola likhale la yani? Wojambula ku situdiyo walipidwa zonse, kapena naye ali ndi gawo lake? Ndalama watulutsa ndani, ndipo ndi ngongole kapena mphatso? Ndalama zikadzabwera mudzagawana bwanji? Aliyense asaine, pakhale mboni ziwiri, ndipo aliyense atenge pepala lake. Mukatero kalembetseni nyimboyo ku Cosoma, bungwe lomwe lakhala likutolera ndalama za oimba ndi opeka kuchokera mu 1992. Kulemberana kumaphweka nyimbo ikadali m'kope. Ikangotchuka aliyense amakumbukira zake.

Inu achemwali okwatiwa ndi woimba, ngati mpamba wanu wa geni walowa mu situdiyo, muli ndi ufulu wofunsa. Kufunsa si mwano. Dziwani nyimbo zomwe amuna anu adapeka, komwe adalembetsa ndi komwe kuli mapepala. Nanunso achimwene, musabise zimenezi kwa akazi anu ngati ndi chibwenzi cha mseri. Mukadzagona tulo tosadzuka adzayende ndi mapepalawo ndi iwowo.

Inu makolo, masiku ano makaseti adatha, ana akuponya nyimbo pa YouTube ndi TikTok, ndipo ya mwana wa ku Nselema ikhoza kumveka ku London sabata yomweyo. Taonani agogo Giddes Chalamanda. Nyimbo yawo yakale ya Linny Hoo ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idafalikira dziko lonse lapansi pa TikTok. Anthu adadziwa kopita nawo ulemu chifukwa dzina la agogowo lidali pomwepo. Choncho mwana wanu akati akukaimba m'nyimbo ya mnzake, mufunseni ngati dzina lake lilembedwe. Akati wagulitsa nyimbo, mufunseni kuti wagulitsa chiyani kwenikweni, ndipo ngati ali wamng'ono asasaine kanthu inu palibe. Muphunzitseninso mbali inayo. Akaimba yopeka mnzake atchule mwini wake, ngakhale mnzakeyo ndi wamanyazi wosatha kudandaula. Mwana wozolowera kudya thukuta la mnzake mu situdiyo adzachita zomwezo m'banja.

Mkangano wathu wa pakhonde uja tidauthetsa chonchi. Mayi a kunyumba adatenga pepala lachitatu n'kulemba mizere itatu. Woyamba udali wa nyimbo zomwe Soja adatulutsa m'dzina lake. Wachiwiri wa zomwe adaimba m'gulu kapena pothandiza anzake. Wachitatu wa zomwe adapeka. Titatero tidapeza kuti palibe yemwe tamulanda, Alleluya yatenga zake, Chaphuka watenga zake, ndipo za Soja zatsalabe zambirimbiri. Za nambala wani tidagwirizana kuti aliyense azinena kuti ndi nambala wani wa pawailesi iti, chaka chiti.

Alamu atapita ndidatembenuza pepala lija n'kulemba kuseri kwake dzina la nyimbo ija ya mu 2003, pambali pake dzina la mng'ono wanga. Ku khoti silingagwire ntchito, ndikudziwa. Ndidakalipereka kwa mwana wake wamkazi, yemwe pano ali pabanja, kuti adzaonetse ana ake.

Inu musadikire kulemba kuseri kwa pepala ngati ine. Tionanenso Lamulungu likudzali.