Kimono Sadula ndi Sizasi

Chandilembetsa izi ndi kachikwama kamene mayi wina anabwera nako m'kalasi mwanga mwezi wathawu. Anakagula m'kasitolo ka alendo pamsewu wokwera ku kachisi wa Kiyomizu, pakapepala kake atalembapo kuti n'ka nsalu ya kimono yakale. Nditakagwira ndinangopukusa mutu. Inali poliyesita yodinda dzulodzuloli, m'kati atamatamo ndi guluu, zipi ikuluma kale nsalu. Ndiye mayiwo n'kundifunsa kuti bwanji ine ndimatchaja tsiku limodzi lophunzira ndalama zoti angagulire tizikwama totere tisanu. Ndinawapatsa mpando ndi mkono wa kimono, ndinati, "Mayi, tayambani mwamasula uwu."

Kudula patani, kulumikiza mbali, kuika zipi, zimenezo sindichedwa nazo pophunzitsa. Telala aliyense wapakhonde angazichite akusinza. Thukuta lili pa nsalu isanaone singano.

Nsalu ndimakasankha ndekha pa kaunjika wa kuno ku Kyoto: pa 21 mwezi uliwonse pabwalo la kachisi wa Toji, pa 25 ku Kitano Tenmangu. Ndimalawirira, chifukwa dzuwa likakwera amatsala ndi zodyedwa ndi njenjete. Kimono amaisoka ndi mpukutu umodzi wa nsalu, wotalika mamita pafupifupi 12 koma wopapatiza, masentimita 36 mpaka 38 basi. Ife ozolowera chitenje timaona ngati atinyenga. Mpukutuwo amaudula zidutswa 8 zowongoka, popanda kukhota paphewa kapena m'khwapa, chifukwa kale akafuna kuchapa kimono ankaimasula yonse, kuichapa, kuiyanika atayikunga pathabwa kapena ndi timitengo ta nsungwi, n'kuisokanso. Wosokayo ankasoka akudziwa kuti tsiku lina wina adzamasula. Ndiye ukamasula bwino msoko uliwonse, nsalu imabwerera m'mizere yake yaitali, osataya ngakhale kachala. Wophunzira wothamangira sizasi amataya theka la nsalu, ndipo ameneyo ndimamulanda sizasiyo.

Kumasula kimono imodzi kumanditengera madzulo athunthu. Ulusi wakale umaduka wokha, fumbi limatuluka mumpendero, ndipo pangodya ya mkono pamakhala kampira ka thonje ndi tsitsi kamene kanaunjikana kwa zaka. Fungo la mankhwala othamangitsira njenjete limakakamira m'mphuno mpaka mawa.

Kenako kuyesa. Apa m'pamene ophunzira amatopa nane. Chidutswa chilichonse timachikweza pawindo kuti kuwala kuonetse popyapyala ndi timabowo. Kenako ndimagwira ndi zala zazikulu ziwiri, n'kukoka pang'ono m'litali, pang'ono m'lifupi. Yolimba imangokhala chete. Yotha imati phwe, ngati pepala lonyowa. Silika wa meisen, amene ankalukidwa ku Ashikaga, Isesaki ndi Chichibu ndipo atsikana ankamukonda nkhondo yachiwiri isanayambe, ndiye amandisautsa. Maluwa ake akuluakulu amakopa wophunzira aliyense, koma pamatako ndi pamawondo amakhala atatheratu. Silika wakuda amene anamunyika ndi mankhwala a chitsulo ndiye woopsa: amaoneka wamoyo, chitsulocho chitadya kale ulusi m'kati.

Nanga nsalu yofooka chonchi inyamula bwanji foni, makiyi ndi botolo la madzi? Siinyamula. Yonyamula ndi nsalu yathonje yolimba imene timaika m'kati. Zogwirira timazisokerera pa yam'katiyo, yakaleyo imangovala pamwamba, titaigwiriza ndi timisoko tamanja tomwazikana kuti isalendewere. Otchipa aja amamata nsalu yaguluu ndi simbi yotentha, mphindi ziwiri yatha. Silika amauma gwa, guluu amatulukira kunja ngati madontho a mafuta, ndipo palibe amene adzamasulenso.

Ndinaphunzira kwa agogo ena amene anasoka kimono moyo wawo wonse cha ku Nishijin, dera la oluka obi, malamba a kimono. Ndinapita ndikudzitama kuti makina ndimawadziwa kuyambira ndili mwana. Agogowo anandipatsa kansalu koyera, ulusi wofiira, ndi mphete yachikopa yovala pachala chapakati, yokankhira singano. Miyezi itatu ndinkangosoka mzere wowongoka. Singano siituluka m'nsalu, manja onse awiri ndiwo amavinitsa nsaluyo kuti izilowa yokha. Ndikamaliza, ankayang'ana, n'kusolola ulusi wonse osalankhula, n'kundibwezera. Tepi ya masentimita sankaifuna m'nyumba mwawo; ankayeza ndi ndodo yansungwi ya kujira-jaku, yotalika masentimita pafupifupi 38. Tsiku lina ndinalira, iwo n'kundithirira tiyi, n'kusololanso ulusiwo. Pa 8 December ankanditenga ku kachisi wa Horinji ku Arashiyama, kumene osoka amabaya singano m'chakudya chofewa chotchedwa konnyaku, ati zipumule pambuyo pa chaka cholimbana ndi zolimba. Ndinkaseka chamumtima. Lero singano zanga zothyoka ndimazisunga m'kabotolo.

Ndi iwo anandikondetsa kasuri ya ku Kurume, nsalu yathonje yabuluu imene ulusi wake amaumanga m'malo ena asanaunyike, kuti poluka patuluke timaluwa toyera tosokonekera m'mphepete. Luso limeneli analiyambitsa ndi mtsikana wina, Inoue Den, cha m'ma 1800. Kasuri yakale imafewa ngati tsaya la khanda koma singano imalowamo mwaulemu, ndipo chigamba chimaikhala. Vuto lake n'lakuti buluuyo amasuluka. Ndimachenjeza aliyense kuti asanyamule chikwama chotere atavala zoyera, komabe pamapezeka wina wonditumizira chithunzi cha siketi yake, akufuna ndimubwezere ndalama.

Za mitengo ndisayambe. Boro, zigamba zimene alimi osauka a ku Aomori ankasanjikiza chifukwa thonje silinkamera kwawoko, lero zili m'nyumba zosungiramo zakale, ndipo ogulitsa pamsika akweza ngakhale sanza wamba. Koma wophunzira akufuna chikwama m'maola awiri kuti akakwere sitima, ndiponso amanenerera ngati akugula tomato.

Mayi a kachikwama aja anakhala tsiku lonse ndi mkono umodzi uja. Pofika madzulo anali atamasula, kusita ndi simbi yofunda pang'ono atayala kansalu pamwamba, n'kupeza kuti theka lake n'lotha. Anapita kwawo opanda chikwama, nkhope ili gwa. Loweruka lotsatira anabweranso atanyamula kimono ya malemu amayi awo m'pepala lake, n'kundifunsa kuti ayambire msoko uti. Ndinawauza kuti ayambire pakolala.